Randa ya Bambo Fexon

Chifereni dzanja ndi mwendo wakumanja, bambo Fexon ankangoswera pakhonde, maso ali kumsewu. Akazi awo ankalawirira ku Ndumbi kukapikula nsomba, mwana wawo Belinda ankapita kusukulu, ndipo pobwera ankawapeza pomwe anawasiya. Munthu amene kale anali kalipentala womveka mu Mbamba Bay monse, kutsidya kwa nyanja ku Tanzania, tsopano ankacheza ndi nkhuku. Kusungulumwa kwa bambo akeko kunkamupweteka Belinda mumtima.

China chimene chinkamuwawa chinali khalidwe la anthu obwereka randa, chopalira matabwa chakalekale chimene bambo Fexon anasiyiridwa ndi agogo awo a ku Likoma. Makamaka a Joachim, okhoma mabwato kugombe, ankaibwereka ngati anasonkha nawo pogula. Akafika ankakhala pansi, kumwa tiyi, kumvera malangizo a kaikidwe ka mpeni wake amene anawamva kale kambirimbiri, kenako n'kunyamuka nayo osasiya ngakhale usipa umodzi.

"Ababa, anthuwa akungokudyerani masuku pamutu," anatero Belinda tsiku lina. "Bwanji tiigulitse pa intaneti? Ndikugulirani wailesi yogwira nyumba zoulutsira mawu za ku Malawi, muzimva Chichewa tsiku lonse m'malo mongokhala duu."

Bambo Fexon anayang'ana randayo nthawi yaitali.

"Ngati waona kuti n'chanzeru, mwanangu," anayankha motsitsa. "Ine dzanja lopalira ndilibe."

Belinda anamva kuti avomera, poti ndi zimene ankafuna kumva.

Anaipukuta fumbi, n'kuijambula ndi foni ya mayi ake, n'kuika zithunzizo pa tsamba la malonda. Za mtengo sanadziwe poyambira, choncho anangolemba wofanana ndi wa ndowa ya usipa. Lisanalowe dzuwa mauthenga anali mbwee, aliyense akufuna kulipira pompo. Apa mtsikanayu anadzidzimuka. Ankadziwa kuchokera kwa mayi ake kuti ogula akamalimbirana chonchi, wogulitsa ndiye wapusa.

Anachotsa mtengowo n'kuyamba kufufuza. Anapeza kuti kuli anthu amene amasonkhanitsa zida zakale, ndipo amayang'ana chidindo cha amene anazipanga, mpeni ngati uli woyambirira, ndiponso thabwa lake ngati silinang'aluke. Randa ya bambo ake inali nazo zonsezi. Anajambulanso chidindo chimene chinali pampeni, n'kulemba mtengo umene iye mwini anachita nawo manyazi. Ambiri aja anathawa, koma bambo wina wa ku Dar es Salaam sananenerere n'komwe. Randa inakulungidwa m'chitenje chakutha n'kukwezedwa basi ya ku Dar es Salaam yodzera ku Songea.

Wailesi inabwera yokongola, ndipo ndalama zina zinatsala zogulira mankhwala. Belinda ankayenda mapewa ali m'mwamba. Bambo ake anathokoza, n'kuiika pambali pawo.

Loweruka lotsatira kunamveka odi pachipata. Anali a Joachim. Nkhope ya bambo Fexon inawala, ndipo anayamba kulimbana ndi mpando kuti awasunthire mlendoyo ndi dzanja lawo limodzi lija.

A Joachim anapereka moni wa Chiswahili wolemekeza achikulire: "Shikamoo, mzee. Ndabwerera randa ija, pali bwato likundidikira."

"Tinagulitsa," anayankha Belinda msangamsanga, monyadira ndithu.

A Joachim anakanda m'mutu. Sanakwiye, anangooneka ngati munthu amene ntchito yamuonongekera.

"Basi, ndithamangire kwa anyamata a makina amagetsi aja asanatseke."

"Khalani kaye pang'ono," anatero bambo Fexon. "Ndili ndi nkhani yoti ndikuuzeni."

"Ndibweranso, mzee, lero nthawi yandithera."

Sanabwerenso. Sikuti anali munthu woipa, koma mmisiri amapita kumene kuli chida. Mbiri inawanda kugombe kuti kwa a Fexon kulibenso randa, ndipo obwereka ena aja nawonso anasiya kupatukira kumeneko. Ankangokweza mkono ali pamsewu, n'kupitirira. Tiyi wa m'fulasiki amene mayi ankasiya m'mawa ankafika madzulo osatha.

Belinda analembera bambo wa ku Dar es Salaam uja kupempha kuti abweze randayo. Yankho linali laulemu koma lalifupi: inali itapita kale kwa munthu wina kunja kwa dziko. Anawerenga uthengawo ali kuseri kwa nyumba, ndipo analira yekha.

Tsiku lina pochokera kusukulu anapeza wailesi ili chete, bambo ake akuyang'ana anthu odutsa. Anaima pafupi nawo, chikwama chikadali kumsana.

"Mabatire atha, ababa?"

"Ayi, alimo. Koma imangoyankhula yokha. Ukaiyankha siimva."

Belinda anakumbukira Loweruka lija.

"Nanga nkhani ija munkafuna kuwauza a Joachim inali yotani?"

Bambo Fexon anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa imene inkagwirabe ntchito.

"Panalibe nkhani, mwanangu. Ndinkangofuna akhale pansi."

Anzake a Belinda ankamudikira kumpira wamanja masana amenewo. Belinda anavula chikwama, n'kukhala pansi pafupi ndi mwendo wakufa uja, ndipo anawafunsa bambo ake ngati angamwe naye tiyi.