Chala cha Seluvaia

Pachilumba pathu pa Lifuka, pamudzi pakagwa maliro palibe wosasantha makungwa opangira nsalu ya ngatu mpaka akuluakulu atamasula. Ndiye chibonga chitamveka usiku wa tsiku limene tinaika Seluvaia, aliyense anadzuka n'kukhala tsonga pamkeka. Kunali mdima wa ndiweyani, mphepo itaima, ndipo kugundako kunkachokera m'chisakasa cha malemuyo, kosathamanga, kwa munthu wodziwa chimene akuchita.

Seluvaia anali katswiri, ndipo sitichita manyazi kudzitama naye. Nsalu yake ya makungwa inkafewa ngati tsaya la khanda. Gulu lake la amayi linali litalowa m'kaundula wa pakompyuta wotchedwa bulokucheni. Wosasantha akamaliza chidutswa amachijambula pafoni ya gulu n'kudindapo chala, kuti ogula ku Auckland adziwe mwini ntchito. Cholembedwa mmenemo sichifufutika, poti makope ake ali m'makompyuta ambirimbiri.

Kutacha anapeza makungwa osasanthidwa bwino atapindidwa pachipika. Manong'onong'o anagwera Lesieli, mwana wa malemuyo, akuti akuthamangira ogula misozi isanaume. Azakhali ake, a Melenaite, amene mawu awo sabwezedwa pabanjapo, anati zikamvekanso amuchotsa m'gulu ndipo asadzapondenso pakhomo pawo. Lesieli analumbira mpaka kusasa mawu, koma ndani akanamumvera?

Zinamvekanso. Mmawa foni inaonetsa chidutswa chatsopano, chodindidwa ndi chala cha Seluvaia. A Melenaite anati ana a masiku ano sasowa ukathyali wa pafoni. Analanda foniyo, ndipo kutada anamukhazika Lesieli pambali pawo, amayi ena atawazungulira, onse m'zakuda ndi mikeka yamaliro m'chiuno.

Agalu atasiya kuuwa, chibonga chinayamba. Gu, gu-gu. Gu, gu-gu.

"Azakhali, ndili pano," ananong'ona Lesieli. "Ndigwireni dzanja."

"Khala chete, mwana iwe. Kamenyedwe kameneko ndikukadziwa."

Kugunda kutaleka, foni inawala yokha pamiyendo pawo. A Melenaite anawerengapo dzina la Seluvaia, misozi ili chuchuchu, osasiya dzanja la mwanayo. Pepani sanamunene, si khalidwe lawo, koma m'bandakucha anamuphikira okha chilazi.

Amayi ena, mantha atawagwira, anati dzinalo lichotsedwe, kaya zitheka bwanji.

"Muchotse chani?" anatero a Melenaite, akusisita makungwawo. "Ntchito ndi yake. Ndani wa inu, ndi timanja tanu ta ulesito, angafewetse chonchi?"

Maliro atamasulidwa, amayi analumikiza zidutswazo, n'kulembapo maluwa, nsalu ulendo wa ku Auckland. Wogula anaimbira Lesieli foni akusowa poyambira kuyamika. Anati waona dzina la mwini ntchito, ndipo akufuna ina ya manja omwewo.

Lesieli anayang'ana kuchisakasa kuja.

"Ndiwauza madzulo ano," anatero.