Kanjira Kobisala M'dzino la Kamphepo

Kamphepo anangoliuzira kamodzi lipenga lake n'kulitsitsa. Ululu unachokera pa dzino lakutsogolo lam'munsi n'kukafika m'khutu. Aphunzitsi a bandi anaimitsa nyimbo.

"Iwe, chibwano chatupa chonchi bwanji?"

"Ndi chiphuphu chabe, aphunzitsi."

Chiphuphu chake chiti! Dzinolo analimenyetsa pa chitseko kalekale, ndipo kuyambira pamenepo ankangomwa mapiritsi mobisa. Ankadziwa kuti akangoulula, gawo lake loimba yekha pa mpikisano wa masukulu lipita kwa Kanjipiti, mnyamata amene ankauzira lipenga ngati akukoleza moto. Gawo limenelo Kamphepo ankalilota ngakhale masana.

Tsiku lomwelo achemwali ake, omwe ankamulera, anachita kumukoka dzanja mpaka kwa dokotala wa mano. Adokotalawo, mayi wamfupi wovala magalasi, anamujambula kachithunzi ka ekisire n'kukayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Mtsempha wa dzinoli unafa, ndipo kunsi kwa muzu kwachita mafinya," anatero. "Tiyenera kutsuka kanjira ka m'kati mwa muzu, kenako n'kukatseka."

"Ndiye tsukani lero lomwe, adokotala. Mpikisano wayandikira."

"Dekha, mwanawe. Chithunzi ichi chimaonetsa mbali imodzi yokha. Zakuseri sindikuziona, ndipo sindiboola dzino la munthu mongoganizira."

Anamuimika pa makina ena n'kumulumitsa kapulasitiki. Makinawo anazungulira mutu wake pang'onopang'ono, ndipo pa kompyuta panatuluka chibwano chake. Adokotala analitembenuza dzinolo uku ndi uku pa chithunzipo, kutsogolo, m'mbali, kumbuyo, mpaka m'kati mwenimweni.

"Waona? Tinjira ndi tiwiri. Kachiwirika kabisala kuseri kwa kanzake, chakulilime, ndipo n'kopindika. Ndikanatsuka kamodzi kokha, mafinya akanabwereranso, mwina mpaka kulizula. Taonanso apa, fupa ladyeka, ndipo lipenga limakanikiza pomwepa. Uliike kaye pansi mpaka pachire."

"Ndingoimba tsiku limodzi lokhalo, adokotala. Chonde."

"Sindingakumange manja. Koma dzinoli likachoka, mlomo udzautsamiritsa pati?"

"Mwamva, amalipenga?" anatero achemwali ake. "Nafenso makutu apumeko kunyumba kuja." Anayesa kuseka, koma anamugwira phewa mwamphamvu.

Kamphepo anakayang'ana kanjira kaja, kopyapyala ngati ulusi. Kanthu kakang'ono chonchi n'kumulanda nyimbo yake! Akanaulula msanga, bwenzi pano atachira. Misozi inalengeza, ndipo anagwedeza mutu kuvomera.

Adokotala anatitsuka tinjira tonse tiwiri m'maulendo angapo. Lipenga linakhala m'bokosi pamwamba pa kabati. Nthawi zina Kamphepo ankalitsitsa, kulipukuta mpaka kuwala, n'kulibwezera osaliika pakamwa. Bandi ikayamba kuyeserera, iye ankangozungulira kuseri kwa holo, mtima ukumuwawa kuposa dzino.

Tsiku lina anamva Kanjipiti akukanika kufika pa mawu okwera a gawo lija, ndipo analephera kupirira. Analowa.

"Iwe, ukupuma pamalo olakwika. Koka mpweya pano, osati apo. Bwereza."

Pa tsiku la mpikisano anakhala kumbuyo kwenikweni. Gawo lake litafika, zala zake zinkadina zokha pa bondo. Kanjipiti analiimba bwino ndithu, anthu n'kuwomba m'manja. Nayenso anawomba, kwinaku akulira, chifukwa analifuna gawo lija ndi mtima wonse.

Panapita nthawi adokotala asanamujambulenso. Atatero, anamuonetsa fupa latsopano litayamba kudzaza kunsi kwa muzu.

"Lipenga lija kaliyese, koma pang'onopang'ono."

Kamphepo anathamangira kunyumba osadikira achemwali ake. Analitsitsa lipenga n'kuliuzira. Mawu oyamba anatuluka oipa ngati kulira kwa mbuzi, mpaka oyandikana nawo nyumba anatseka zenera. Kamphepo anaima chilili, kudikira ululu uja. Sunabwere. Anakokanso mpweya.