Fisi wa pa Phulusa la a Monika

Ndikanama mphenzi indiwombe pano ndakhalapa! Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, amene amaona nyerere ikukwera phiri la Soche ine ndili ku Bangwe.

A Monika anali ndi sukulu ya mkombaphala kuseri kwa nyumba yanga. Pophunzitsa ana za nyama zoyenda usiku, asanaweruke ankasefa nawo phulusa pabwalo, kuti m'mawa aone mapazi a zomwe zadutsapo. Tianato tinkagwada n'kumakuwa, "Madamu, apa khoswe! Apa chule!"

Tsiku lina anapezapo phazi lalikulu ngati beseni. Phazi la fisi.

Usiku wotsatira magetsi atazima, agalu onse anangoti zii. Kenako panja panamveka phu... phu... pang'onopang'ono, ngati munthu akusinja mobisa. Kutacha, mapaziwo anali atazungulira kalasi n'kukathera pakhomo pa a Monika. Mawa lakenso chimodzimodzi.

Pampopi azimayi ankanong'onezana. "Phulusalo n'loitanira. Akuphunzitsa ana athu kukwera fisi." Makolo anayamba kuchotsa ana, mabenchi n'kumatsala okha.

A Monika ankakalirira kwa a Petronela, mnzawo wa kukwaya amene ankawaphikira phala la ana.

"Limbani mtima asisi," ankatero a Petronela, "ndikukupemphererani."

Ndiye ine, amene ndinagwetsapo ng'ombe ndi khofi, ndinakabisala m'nthochi. Kunali mdima wa ndiweyani, masamba akundikwekwesa m'khosi. Phu... phu... Chinthu chowerama chinatulukira kuseri kwa bafa, chikupuma mwabefu. Ndinachidumphira n'kukuwa mpaka ku Ndirande anadzuka. A Monika anatuluka ndi tochi.

Anali a Petronela, atagwira musi wosemedwa phazi la fisi kunsonga.

"Asisi," a Monika ananong'ona, "ndinu?"

"Ndizingotakasa phala lanu mpaka liti? Nane ndatsegula sukulu yanga," anatero a Petronela.

Kutacha ndinayenda nawo musiwo khomo ndi khomo. Koma makolo anangoti, "Kaya fisi wamtengo kaya weniweni, ana athu asagwirenso phulusa." Ana onse anapita kwa a Petronela. A Monika anatseka kalasi, ndipo kukwaya sanapondekonso.

A Malizani oyandikana nafe akuti palibe fisi wa phazi ngati beseni, akutinso kukuwa kwanga kunali kwa mantha. Zopusa! Munthu amene anagona kunsi kwa bedi usiku umenewo angandiuze chiyani ine?