Mzere Wofiira wa Pansi pa Damu

Lachiwiri, nthawi ya 10 koloko m'mawa, khoma la damu latsopano linang'ambika n'kukwirira amisiri anayi. Pofika masana anali atafukula mitembo itatu.

Katswiri wa miyala, mayi wofatsa amene anzake ankamutcha Chete, anamva uthengawo ali pa desiki lake. Ofesi yawo ndi imene inayeza malowo. Ankagwedeza nthaka, kujambula mmene mafunde akubwerera kuchokera pansi, n'kupereka zithunzizo ku kompyuta ya nzeru zopanga. Ikapeza mng'alu m'thanthwe, inkalemba mzere wofiira. Munthu ankauvomereza kapena kuukana, ndipo makinawo ankaphunzira pa yankho lililonse. Mapu a damulo analibe mzere ngakhale umodzi.

Kale Chete ankayesa makinawo Lolemba lililonse ndi chithunzi cha mng'alu wodziwika bwino, mpaka bwana anamuletsa, ati n'kutaya nthawi. Tsikulo anayesanso. Makinawo sanaone kanthu. Wina anali atawaphunzitsa khungu.

Anatsegula kaundula wa mayankho. Mzere wa pansi pa damu unatuluka kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri unakanidwa ndi munthu mmodzi: bwana yemweyo, mwamuna wa mkulu wake, amenenso anamupezera ntchitoyo.

"Alamu, mzerewu munaukaniranji?"

Bwanayo anayankha osadzutsa mutu kuti linali phokoso chabe la malole odutsa.

"Malole, kasanu ndi kawiri, pamalo amodzi?"

Apo bwanayo anatseka chitseko. Anati omanga anali atakumba kale maziko, ndipo mng'aluwo unagona zaka zikwi osasuntha.

"Ganizirani achemwali anu ndi ana," anatero motsitsa mawu.

Chete anawaganizira tsiku lathunthu. Lachinayi m'mawa anapita ndi mapepalawo kupolisi. Wofufuza milandu anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

"Miyala sindiidziwa, mayi," anatero, "koma munthu wokana kasanu ndi kawiri ndimamudziwa."

Apolisi anamugwira bwanayo 2 koloko masana pamalo oimika galimoto, chikwama cha zovala chili kumpando wakumbuyo. Khoti linamupatsa zaka khumi ndi zinayi. Potuluka m'khoti, mkulu wake uja anamudutsa Chete ngati mtengo.

Lolemba, Chete anachotsa mayankho abodzawo. Mzere wofiira unabwerera, n'kudutsa ndendende pamalo pamene anakwiririka mmisiri wachinayi, amene sanapezekebe. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anauvomereza.