Nyimbo Yozulidwa Pakati

Herlinda Tapullima anatuluka mu holo ya ukwati usiku utapita kale, gitala ili kumsana, bokosi lokuzira mawu lili m'manja. Sanatsanzike aliyense. Atsanzikirenji? Anali pakati penipeni pa nyimbo yakale ija, yopanda mawu, imene gitala imagudubuzika ngati mafunde, pamene mnyamata wa nyimbo za pakompyuta anazula pulagi yake pakhoma n'kulumikiza makina ake.

"Mayi, zimenezi n'za kumanda," anatero mnyamatayo akuseka. "Nyimbo yopanda mawu ndi nyimbonso?"

Mwini holo naye anathira mchere pachilonda. "Mwayesetsa, Doña Herlinda, koma Loweruka likubwerali musavutike."

Holo imeneyo inali yomaliza m'tauni yonse ya Yarina imene inkamuitanabe. Ndipo mwana wake Wilmer anali atanena kale kuti tsiku limene holoyo idzamusiye, gitala idzagulitsidwa. Wogula analipo, ankangodikira. Gitala ya bambo ake a Herlinda, Don Eusebio, imene inavinitsa tauni yonse manja awo asanayambe kunjenjemera! Zinamuwawa kwambiri, ndipo mkwiyo ndiwo unkamuyendetsa.

Woyendetsa njinga yamoto amene anatsala pamsewu anakana kudzera njira ya kumanda nthawi imeneyo.

"Khala nayo njinga yakoyo," anatero Herlinda. "Akufa sazula pulagi ya munthu."

Anauyamba ulendo wapansi. Achule ankasokosera m'madambo, fungo la nthochi zootcha likutsalira kumbuyo. Bokosi linkalemera, chingwe chake chinamasuka n'kumakwekwereka m'fumbi, koma iye sanasamale. Ankangotukwana chamumtima.

Anafika pakhoma loyera la manda. Achule anasiya kulira. Onse, nthawi imodzi.

Anafulumiza. Kumbuyo kunamveka mapazi. Anaima, nawo anaima. Anayendanso... chingwe chija chinakungika. Wina anali atachigwira!

Anatembenuka pang'onopang'ono. Panali bambo wochepa thupi, wa malaya onyowa ngati wachokera pamvula, chikhalirecho mvula inali isanagwe mwezi wonse. Pulagi inali m'dzanja lake. Ankanunkha labala wopserera.

"Mwana wa Eusebio," anatero ndi mawu otsika. "Nyimbo siisiyidwa pakati."

Pakamwa pa Herlinda sipanagonje. "Bambo inu, siyani chingwe changa. Magetsi ali kuti kuno? Kapena muli nawo m'thumba?"

Munthuyo anangofumbata pulagi ija.

Kanyali kofiira ka pabokosi kanayaka!

Bokosi linayamba kung'ung'udza. Herlinda anafuna kuthawa. Anayang'ana msewu... mdima wokhawokha. Anayang'ana dzanja la munthuyo... utsi unkatuluka pakati pa zala.

"Imba," anatero mlendoyo.

Apo mkwiyo uja unabwerera, n'kuposa mantha. Amoyo amuseka, amuzulira pulagi, ndiye tsopano aope amene akumupempha nyimbo? Anaika bokosi pansi, anakoka gitala kutsogolo.

"Akuti n'za kumanda," anatero mokweza. "Chabwino, imvani eni ake!"

Anayambira pomwe anamudula paja. Zala zinali zouma, koma zinaidziwa njira. Nsambo yaikulu inagunda, zing'onozing'ono zinathamanga pamwamba pake, ndipo mawu a gitala anawomba khoma n'kubwerera. Kuseri kwa khomalo kunayamba kumveka kanthu. Shwa... shwa... shwa... Nsapato zambiri zikukhula pansi, motsata nyimbo.

Herlinda sanacheuke. Anatseka maso, misozi ikutsika, n'kuiimba yonse, osadumpha ngakhale pamodzi, mpaka pamene nsambo yomaliza inalira yokha n'kuzilala.

Kunali zii.

"Yatha tsopano," anatero mawu aja.

Atatsegula maso, kanyali kanali katazima. Munthu uja panalibe. Pulagi inali m'fumbi, yotentha moti sanathe kuigwira ndi dzanja.

Sanadziwe mmene anafikira kunyumba. Wilmer anali pakhomo, nkhani ya ku holo itamufika kale pafoni.

"Amayi, basi tavomereza. Wogula uja abwera mawa."

"Umuuze akagule nthochi," anayankha Herlinda. "Gitala iyi sichoka pano ine ndili moyo. Akandikana m'maholo, ndiziimba pamsewu."

Don Eusebio anali maso m'machira awo ogonamo olenjekera pakhonde. Anali ataimva nyimbo ija ikuchokera kutali, n'kumaganiza kuti akulota. Herlinda anagwada pambali pawo n'kuwafotokozera zonse: malaya onyowa, fungo la labala, dzanja lofuka utsi. Mkuluyo anadzuka n'kukhala tsonga.

"Ameneyo ndi Nicanor Isuiza," ananong'ona. "Ndiye ankayang'anira injini ya magetsi m'madansi athu. Tsiku lina mvula inadula waya tili pakati pa nyimbo yomweyo. Iye anathamangira panja, anagwira mbali ziwiri za wayayo ndi manja kuti anthu asasiye kuvina. Magetsi anabweradi. Koma titamva kukuwa kwake, tinataya zoimbira n'kuthamangira kunja."

"Anapulumuka?"

"Tinamuika pafupi ndi khoma lomwelo, iwe uli kumsana kwa amayi ako. Kuyambira tsiku limenelo ine sindinaiimbenso nyimboyo, ndinangokuphunzitsa iwe." Anagwira dzanja la mwana wawo. "Waimaliza?"

"Ndaimaliza, bambo."

Don Eusebio anagonanso m'machira muja, misozi ikulowa m'makutu.

"Zaka zonsezi," anatero, "anali adakagwirabe waya uja."