Kamtima pa Shoko

Anakumana pamsika wa masipeya akaunjika, pakati pa milu ya zitsulo ndi fungo la oyilo. Kodi amenewo n'kukhala malo oyambira chibwenzi? Koma chinayambira pomwepo.

Mtsikanayo anthu ankangomuti Wamazira, poti ankatenga mazira kufamu n'kumaperekera m'magolosale pakagalimoto komwe anamusiyira malemu bambo ake. Tsikulo ankafuna mashoko akutsogolo, zitsulo zija zimagwira galimoto kuti isamadumphe pamabampu. Ake anali atatheratu, moti mazira ankafika ali phala.

"Asisi, amenewo musagule, angowapukuta kuti aziwala," anatero mnyamata wa ovolosi yabuluu, yemwe anzake ankamutchula kuti Sipanala, atamuona akuyang'ana mashoko a wogulitsa wina. "Tabwerani kuno muone."

Anatenga shoko imodzi, n'kuikanikiza pansi ndi mphamvu, n'kuisiya. Inabwerera pang'onopang'ono, osadontha oyilo.

"Awiriwa ndachotsa kugalimoto yatsopano yomwe inagundidwa kumbuyo. Mukaika amenewa, dzira lizigona tulo m'njira."

Wamazira anaseka. Koma mnyamatayo asanawamangirire, iye anatulutsa penti wofiirira wa zikhadabo m'chikwama. Bambo ake ankamuuza kuti chitsulo chilichonse chogula azichiika chizindikiro, chifukwa amakaniko ena amasinthanitsa.

"Ndiye mukundiyesa wakuba?" anafunsa Sipanala.

"Sindikukudziwani, achimwene."

"Chabwino. Koma m'malo mwa timadontho, jambulani kamtima, kuti ndizikumbukira mwini wake."

Anajambuladi, kamtima kokhota pashoko iliyonse, Sipanala atamugwirira chitsulocho.

Madzulo ake uthenga unalowa pafoni: "Mazira afika bwanji, Kamtima wanga?"

"Palibe losweka ngakhale limodzi."

"Ndi mmenenso ndidzakusungire iweyo."

Mawu amenewo Wamazira anawawerenga mpaka kuwaloweza. Mayi ake atamuona akusekerera yekha kukhitchini anati, "Iwe, mazirawo ayamba kukuuza nthabwala?" Miyezi isanu inadutsa ngati sabata. Sipanala ankamudikirira pamsika ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, ankamupukuta thukuta ndi mbali yoyera ya kansalu kake, ankalonjeza kuti mvula ikatha akaonekera kwa amalume ake a mtsikanayo. Kwawo kokha sankapita naye. Ankati nyumba ndi yodzaza ndi abale.

Loweruka lina anati, "Bebi, ndisiyire galimotoyi ndiisinthe oyilo. Iwe kapume."

Bebi anakapumadi, osakayika chilichonse.

Lolemba lake, pabampu yoyamba, kutsogolo kunamveka gu! Payachiwiri gugu! Atafika kugolosale, mathileyi atatu anali chikasu chokhachokha.

"Ndi msewu umenewo, dalingi," anatero Sipanala pafoni. "Uziyenda pang'onopang'ono."

Anayenda ngati wanyamula wodwala, koma mazira ankasweka ndithu. Mwini golosale yaikulu anamuuza kuti akabweretsanso zophwanyika apeza wina. Wamazira analira m'galimoto, chipumi chili pachiwongolero. Kusuzumira pansi pagalimoto sanasuzumire. Akanayamba bwanji kufufuza munthu amene ankamutchula Kamtima?

Lachisanu anapita kumsika kuja osaimba foni, mazira ali kumbuyo, kuti akagule mashoko ena. Sipanala kunalibe. Pamalo pake panali kagalimoto koyera kali pajeke, tayala lakutsogolo atalichotsa. Pabenchi panakhala mayi wina wachitsikana woyembekezera, mapazi otupa, akudzikupiza ndi katoni.

"Khalani apa, asisi, abwera pompano," anatero mayiyo akumusendera. "Apita kukafuna mabuleki. Amuna anga amenewo akayamba kusankha chitsulo sachedwa pang'ono."

"Amuna anu?"

"Eya, a Sipanala. Ndinu kasitomala wawo?"

Wamazira anangogwedeza mutu.

"Ndiye mwapeza munthu wodziwa ntchito. Ine kagalimotoka kankandigwedeza popita kusikelo, msana kuwawa, mpaka anesi anandiopseza. Loweruka lapitali andiikira mashoko abwino. Panopa mwanayu sakumvanso bampu." Anaseka mwamanyazi. "Taonani zomwe anachita, munthu wamkulumkulu."

Analoza pomwe panachoka tayala. Pachitsulo chakuda, pansi pa fumbi, panali kamtima kofiirira, kokhota.

"Akuti anajambula okha, nditagona, kuti ndizidziwa kuti amandikonda. Mwamuna kugula penti wa zikhadabo, inu!"

Wamazira anabisa zala zake m'manja mwa juzi. Zinali ndi penti yemweyo.

Nthawi yomweyo Sipanala anatulukira, kabokosi ka mabuleki kali m'manja. Atawaona awiriwo pabenchi imodzi anaima ngati wapondedwa phazi.

"Bambo ake, kasitomala wanu uyu wadikira," anatero mkazi wake.

"Zikomo... asisi," anatero Sipanala, maso ali pansi. "Tikuthandizeni chiyani?"

Asisi! Miyezi isanu yonse ija, lero asisi?

Mawu anali atafika kale pamlomo pa Wamazira. Akanatha kukuwa kuti msika wonse umve. Akanatha kunena kuti zitsulozo ndi zake, azimasule pomwepo, ndipo umboni unali pazikhadabo zake. Koma anayang'ana mimba ija, ndi mapazi otupa aja, ndi nkhope ya munthu amene sanamulakwire kanthu. Akamasula mashokowo, mawa popita kusikelo adzagwedezeka ndani?

"Ndimafuna mashoko akutsogolo," anatero motsitsa. "Koma ndaona kuti abwino anatha."

"Mubwerenso, akupezerani," anatero mayi uja mokoma mtima. "Sanamiza munthu amenewa."

Wamazira analowa m'galimoto. Asanatuluke n'komwe pageti, foni inalira, uthenga walowa: "Kamtima wanga, ndikufotokozera." Misozi inkamutchinga msewu, ndipo bampu ya pageti anaiona mochedwa.

Gu!

Kumbuyo anamva mazira akusweka, ndipo sanaime kuti aone ngati latsalapo.