Ulusi wa Pamwamba ndi Ulusi wa Pansi

Mwamva zimene anthu akunong'onezana ku Kafue Estates? Pampopi akunena. M'minibasi ya ku Lusaka akunena. Ati ba Melody atelala adula malaya a munthu womwalira. Ati adula ndi sizasi, zidutswazidutswa.

Kudula adaduladi. Koma anthuwo sadziwa nkhani yonse. Ife timakhala moyandikana ndi ba Melody, ndiye mverani.

Pali kamtsikana, dzina lake Choolwe. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Atate ake anali ba Goodwell. Ankagula nsomba ku Chanyanya. Ankabwera nazo pa njinga. Chaka chino adadwala, ndipo adamwalira.

Maliro atatha, abale adagawana zovala. Paja ndi mwambo wathu. Choolwe adapatsidwa malaya atatu abuluu. Malayawo anali aakulu. Sakanatha kuwavala.

Choolwe ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kufunda malaya a atate ake.

Amayi ake adapita naye kwa ba Melody. Ba Melody adadula malaya. Adalumikiza zigamba. Pakati adaika bulangete lakale. Pansi adaika chitenje chakuda cha amayi. Chidatsala n'kusoka mizere pa makina, kuti zitatuzi zigwirane.

Ba Melody adatsegula chitini cha ulusi. Adawauza kuti asankhe bwino. Malayawo ndi akale, adatero. Ukasoka n'kumasula, nsalu imang'ambika. Ndipo malaya ena palibe.

Amayi adatola ulusi wakuda. Adati pakhomo pakadali maliro.

Choolwe adatola ulusi wachikasu. Adati beseni la nsomba la atate linali lachikasu. Iye ankaliona lili patali. Akaliona, ankadziwa kuti atate afika.

Amayi adapukusa mutu. Adati wachikasu ndi wowala kwambiri. Anthu anganene kuti tayiwala msanga.

Amayi sadasiye wakuda. Choolwe sadasiye wachikasu.

"Osayang'ana ulusi uli pa mpukutu," adatero ba Melody. "Mpukutu umanama. Tiyeni panja."

Adatuluka pa dzuwa. Adayala chofunda pa mpando. Ba Melody adasolola ulusi umodzi wakuda. Adaugoneka pa malaya. Adagoneka wina mopingasa. Unkaoneka ngati waya wa mpanda.

Choolwe adalankhula motsitsa. "Mami, ba dadi aoneka monga tabatsekela."



Ba Melody adasolola ulusi umodzi wachikasu. Adaugoneka pa malaya. Pa mpukutu unali wowala. Pa malaya unali wofatsa. Unali woonda ngati udzu wouma.

Amayi adauyang'ana. Adauyang'ana nthawi yaitali.

"Ni wabwino, mwana wanga," adatero. "Koma ine nikali kulila."

Choolwe adayang'ana pansi. Sadafune kuti amayi alire. Pang'onopang'ono adabweza ulusi wachikasu m'chitini. Adatseka chitini.

Apa ndi pamene ba Melody adawaitana ku makina. Adatsegula kachitseko pansi pa singano. Adatulutsa kampukutu kakang'ono. Adati dzina lake ndi bobini. Adati makina amasoka ndi ulusi wa pamwamba. Amasokanso ndi ulusi wa pansi. Wa pamwamba ukatsika, umakumana ndi wa pansi. Akakumana, amagwirana.

"Ba na Choolwe, wakuda uzayenda pansi, pa chitenje chanu," adauza amayi a Choolwe. "Wachikasu uzayenda pamwamba, pa malaya."

Adayesa kaye pa kachigamba kotsala. Makina adalira. Pamwamba padatuluka mzere wachikasu. Ba Melody adatembenuza. Pansi panali mzere wakuda.

Choolwe adakoka ulusi wachikasu. Sudachoke. Adakokanso. Wakuda udaugwira.

Choolwe adapereka kachigamba kwa amayi. Amayi adatembenuza uku. Adatembenuza uko. Kenako adagwedeza mutu kuvomera.

Ba Melody adasoka masiku atatu. Choolwe ankabwera akaweruka kusukulu. Mzere wachikasu unkayenda. Unkadutsa pa thumba la malaya. Unkadutsa pamene panali kolala. Pansi, wakuda unkatsata.

Loweruka m'mawa kunali kozizira. Inu mumadziwa mphepo ya Juni ya kumtsinje wa Kafue. Amayi adakhala pakhonde. Choolwe adabwera ndi chofunda. Adaima, osadziwa mbali yoika pamwamba.

Amayi adachilandira. Adachitambasula okha. Mbali yakuda idagona pa chifuwa chawo. Mbali yachikasu idayang'ana dzuwa.

"Bwela, tikwana tonse," adatero.

Choolwe adalowa. Adakwanadi onse awiri. Amayi adatsata mzere wachikasu ndi chala. Ndipo adamwetulira pang'ono.

Nanga inu, mukanaika ulusi wanji pansi, ndi wanji pamwamba?